Zomwe ndasankha pa nkhani ya kompyuta yokonzera mavidiyo

Masabata apitawo ndinafunsa ngati kunali kwanzeru kudikira mapurosesa atsopano ndisanagule kompyuta yamphamvu yokonzera mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe omwe ndimajambula kuno ku Dedza, ndipo lero ndabwera kudzafotokoza pomwe nkhaniyi yafika.

Ambiri mwa inu amene munandiyankha munanditchulira purosesa (ubongo wa kompyuta) yotchedwa Threadripper ya kampani ya AMD. Ndinafufuzadi, ndipo ndinapeza kuti Threadripper ya mtundu wa 7995WX yomwe inatuluka mu 2023 ili ndi ma core (timagawo ta purosesa togwira ntchito nthawi imodzi) 96, pomwe 9995WX ya mu 2025 ili ndi chiwerengero chomwecho, kungoti inapangidwa pa luso latsopano la Zen 5. Chomwe chinandibweza m'mbuyo si mtengo wokha ayi, koma magetsi. Purosesa imeneyi payokha imafuna mawati 350, tisanawerengere khadi ya zithunzi ndi mafani oiziziritsa, chonsecho inveta yanga ya mabatire awiri, yomwe ndimadalira magetsi akathima, imayamba kulira ndikangoyatsa printa. Chisanu cha mu June kuno chimathandiza kuti makina asatenthe, koma sichiwonjezera mphamvu ya batire.

Choncho ndasankha Mac Studio ya Apple, yomwe imadya magetsi ochepa, ngakhale sindikukondwa kuti memore yake anaimatira pamodzi ndi purosesa, moti munthu sangathe kuiwonjezera m'tsogolo. Monga ndikuonera, makina a akatswiri akugawanika pawiri: ena ndi akuluakulu omwe mwini wake amatsegula n'kusintha zida, ena ndi ang'onoang'ono otsekeka. Kompyuta yanga yakale ndaisiya pakona kuti izisunga mafayilo a makasitomala.