Za fizi ya mwana wanga zija, tayenda motere

Abale ndi alongo a kuno ku Joni, zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha nditafunsa za komwe mwana wanga wamkazi angapeze thandizo la fizi ya ku yunivesite. Ambuye akudalitseni.

Amene munati NSFAS, thumba la boma la South Africa lothandiza ophunzira pa fizi, tisaidalire munanena zoona. Amafuna ID ya ku South Africa, pomwe iye ali ndi pasipoti ya ku Malawi ngakhale matric, mayeso omaliza a ku sekondale, analembera konkuno.

Tinatsatira malangizo a mayi aja amene anati tisamangotumiza imelo, tipite tokha ku ofesi yoona za fizi. Kumeneko anatiuza kuti ana ochokera m'mayiko a SADC amalipira fizi yofanana ndi eni dziko, kungoti pali kandalama kena kowonjezera. Mtima unakhala pansi. Anatipatsanso mndandanda wa mabungwe osasankha mtundu, ndipo limodzi lavomera kulipira theka. Theka linalo tizipereka pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi.

Kwa amene mukuyamba kumene: dinditsani msanga makope a zikalata ku polisi, ndi ulere. Musaiwalenso medical aid (inshuwalansi ya kuchipatala), popanda iyo study visa (chilolezo chophunzirira kuno) siituluka, ndipo thandizo lathuli silikuphatikiza zimenezo.