Mbewu za muwawani sizikumera, ndithandizeni

Moni nonse abale anga. Ndili ku Chinamwali kuno ku Zomba ndipo ndikufuna kudzala muwawani pakhomo, koma mbewu zake zikundikanika.

Agogo anga akhala akunyika makungwa ake m'madzi kuyambira kale, kumwa akamva m'mimba kupota. Mtengo omwe ankasendako ku Domasi unauma, anthu anausenda khungwa kuzungulira tsinde lonse, zomwe zimandiwawa chifukwa mtengo ukatero sudzukanso. Pamsika makungwa alipo, koma ouma ndi ovuta kudziwa ngati ndi muwawani weniweni.

Mbewu ndinatola m'zipatso zake zazitali zija zitauma. Ndinafesa m'machubu mwa dothi losakaniza ndi mchenga, zina ndinayamba ndaviika m'madzi ozizira usiku wonse, koma palibe yamera. Ndikazifukula zikadali zolimba gwa.

Kodi ndizikande kaye khungu kapena ndiziviike m'madzi otentha? Nanga ku National Herbarium (malo osunga ndi kufufuza zomera) kapena ku FRIM (bungwe lofufuza za nkhalango) angagulitse mbande kwa munthu wamba? Amene munameretsapo, chonde ndiuzeni mvula isanayambe.