Ndalama za tiyi ndizisunge bwanji kuti zifike Seputembala?

Mlimi wa ku Chitakale:
Abale, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kamunda ka tiyi kuno ku Mulanje. Kuyambira Disembala mpaka Epulo masamba amachuluka, ndalama zimabwera ndithu. Koma chilimwe tiyi saphuka kwenikweni, ndiye pofika Seputembala, ana akufuna fizi, m'thumba muli mbee. Ndikasiya ku Mpamba ndimangotapa pang'onopang'ono. Kubanki nako ndimachita mantha, poti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anasunga ndalama anangoona katundu akuwathawa. Anzanga mumatani?

Mayi wa ku Luchenza:
Achimwene, ndalama ya mufoni ili pafupi kwambiri ndi chala. Ine ndikalandira ndimagawa tsiku lomwelo, isanagone m'nyumba. Choyamba ndi chimanga cha chaka chonse. Ndimagula mu Meyi anthu akangokolola, ndikuthira mankhwala a anankafumbwe. Pofika Januwale thumba lomwelo limakhala litakwera mtengo, ine ndikungotapa changa. Feteleza nayenso ndimaguliratu mvula isanayandikire.

Ya fizi ndimaponya ku banki mkhonde, chifukwa kumeneko sungaitenge mmene wafunira. Koma gulu lake musankhe bwino: bokosi la maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana, ndalama ziziwerengedwa aliyense akuona. Ndipo musabwereke poti anzanu akubwereka. Chiwongoladzanja chake nchapamwezi, osati pachaka. Ambiri chawadyera malata chimenechi.

Mphunzitsi wa ku Bvumbwe:
Amayi anena zoona. Ine ndingowonjezera za ndalama imene simuifuna kwa zaka zisanu kapena khumi. Ku Malawi Stock Exchange ku Blantyre munthu wamba amaloledwa kugula masheya, kapena kuti timagawo ta umwini, a makampani ngati Illovo, TNM, Airtel Malawi kapena National Bank. Mumadzera kwa stockbroker wovomerezeka, yemwe ndi mkhalapakati wogulira ndi kugulitsira anthu masheya, mutatenga chitupa cha unzika ndi nambala ya akaunti yakubanki. Kampani ikapindula imagawira eni masheya gawo la phindu. Mtengo wa masheya umatsikanso, bambo, choncho ya fizi kapena ya ndiwo musaikeko.

Agogo a ku Limbuli:
Mwanangu, gula mbuzi ziwiri zazikazi, umange khola la m'mwamba. Malo kwathu kuno ngochepa, koma udzu wodula m'mbali mwa munda umazikwanira. Seputembala ikafika wagulitsa imodzi, mwana wapita kusukulu.

Mlimi wa ku Chitakale:
Zikomo nonse. Chimanga ndi mbuzi ndiyamba chaka chino. Amayi a ku Luchenza, gulu lanu limagawana mwezi uti? Kwathu amagawana Disembala, pamene ine ndikufuna ndalamazo sukulu zikamatsegulira.