Pulogalamu ikumangoti zii netiweki ikaduka query ili mkati, ndithandizeni

Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa tulo sabata yonseyi, mwina ena munakumana nalo kale.

Ndili ndi pulogalamu ya Python yomwe imalumikizana ndi database ya PostgreSQL 14 pa seva ina yakutali, kudzera mu psycopg2 ndi SQLAlchemy (malaibulale a Python olumikizira ku database). Netiweki ikakhala bwino zonse zimayenda myaa. Koma ikaduka query (funso kapena lamulo lotumizidwa ku database) ili mkati, makamaka ija ya malipoti yomwe imatenga mphindi zitatu kapena zinayi, pulogalamu imangoti zii. Siigwa, siitulutsa error, imangodikira ngati munthu amene mnzake anadula foni kalekale koma iye akadali nayo kukhutu.

Ndinaika connect_timeout=10 ndikumati ndathana nazo, koma palibe chinasintha. Kenako ndinaika statement_timeout ya masekondi 300. Mu log ya seva ndikuona kuti query ikuimitsidwadi, koma kuno ku pulogalamu uthengawo sukufika. Ndikatopa ndimangozimitsa pulogalamuyo n'kuiyatsanso, ndipo dzana nditachita zimenezi kangapo seva inandikana kuti "sorry, too many clients already".

Chomwe chandiopsa kwambiri ndi cha dzulo. Ndinalemba kakhodi koti query ikalephera ibwerezedwe, ndiye ndapeza mizere ina mu tebulo la maoda yalowa kawiri. Ndikulakwitsa pati abale?

Woyankha woyamba:
Achimwene, connect_timeout imagwira ntchito pogogoda pakhomo pokha, ndiye kuti poyamba kulumikizana ndi seva. Mukalowa m'nyumba ntchito yake yatha. Statement_timeout nayo ndi ya ku seva: imaimitsa query n'kutumiza uthenga, koma uthengawo udutsa kuti msewu utaduka? Vuto lanu lili pa TCP, njira yomwe makompyuta awiriwo amatumizirana data. Netiweki ikaduka mwadzidzidzi palibe mbali yomwe imatsanzika inzake, choncho kompyuta yanu imaona ngati zonse zili bwino. Pa Linux, ngati simunasinthe kanthu, keepalive (kauthenga kofunsa ngati mbali inayo ikadalipo) imayamba kufunsa patatha masekondi 7200, ndiye kuti maola awiri athunthu. Kenako imafunsa maulendo 9, kusiyanitsa masekondi 75. Mukanapirira maola awiri ndi mphindi 11 error mukanaiona, kungoti palibe amene amapirira choncho. Mu connect_args ya SQLAlchemy ikani keepalives=1, keepalives_idle=30, keepalives_interval=10 ndi keepalives_count=3. Zikatero pakangotha pafupifupi mphindi imodzi pulogalamu idziwa kuti mnzake kulibe.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri akulu. Nanga keepalive imeneyi siidula query yaitali yomwe ikuyenda bwinobwino?

Woyankha woyamba:
Ayi. Amene amayankha ndi kernel (mtima wa operating system) ya sevayo, osati PostgreSQL. Query ingatenge ola lathunthu, bola msewu uli moyo.

Woyankha wachiwiri:
Ndiwonjezerepo pa zomwe akuluwa anena, chifukwa ine zinandigwetsa pomwepa. Keepalive imayamba pokhapokha palibe data yomwe ikudikira kuvomerezedwa. Netiweki ikaduka pamene pulogalamu ikutumiza query, kernel imangobwereza kutumiza, ndipo ndi tcp_retries2 (malire a kubwerezako) yomwe imabwera ili pa 15 zimenezi zimatha pafupifupi mphindi 15. Ikaninso tcp_user_timeout=60000, yomwe imadula connection data ikakhala nthawi imeneyo osavomerezedwa; manambalawo ndi mamilisekondi. Inabwera ndi PostgreSQL 12 mu 2019, ndiye onetsetsani kuti libpq yanu (laibulale ya PostgreSQL yomwe psycopg2 imagwiritsa ntchito) si yakale kuposa pamenepo.

Za too many clients zija, ndi mizukwa ya malumikizidwe akale. Inu munazimitsa pulogalamu, koma seva sinamve. Max_connections, malire a malumikizidwe omwe seva imalola, imabwera ili pa 100, siichedwa kudzaza. Tsegulani pg_stat_activity, mndandanda wa malumikizidwe a pa seva, muone omwe ali "idle in transaction", amenewo ndiye oipa chifukwa amakakamira ma lock, n'kutsekereza ena kusintha mizere yomwe agwira. Achotseni ndi pg_terminate_backend, kenako muike idle_in_transaction_session_timeout ndi tcp_keepalives_idle mu postgresql.conf. Poti muli pa 14, muli ndi mwayi wa client_connection_check_interval, yomwe imapangitsa seva kusuzumira ngati mwini query akadalipo m'malo mophikira munthu woti anachoka kale.

Woyankha wachitatu:
Ingoikani pool_pre_ping=True basi, nkhani yatha.

Woyankha wachiwiri:
Bwana, imeneyo imayesa connection poitenga mu pool (nkhokwe ya ma connection otsegulidwa kale), query isanayambe. Ndi yabwino, aike ndithu, koma awa akudandaula za kuduka query ili mkati.

Woyankha wachinayi:
Nonse mwathamangira ma timeout, koma ine chandikhudza ndi mizere yolowa kawiri ija. Achimwene, chotsani kakhodi kobwereza kaja lero lomwe mpaka mutakonza izi. Taganizani: mwatumiza COMMIT (lamulo loti zomwe mwalemba zisungidwe), seva yalandira, yasunga, ndipo pobweza yankho netiweki yaduka. Inu kuno mukuona error. Kodi oda yalowa kapena ayi? Pulogalamu yanu ilibe njira yodziwira kuchokera pa error yokhayo, ngakhale mutasintha timeout motani. Ikaduka COMMIT isanafike, PostgreSQL imabweza zonse m'mbuyo, palibe chovuta. Ikaduka itafika kale, kubwereza ndi kulemba kawiri. Ndipo dziwani kuti ma timeout aafupi omwe mwapatsidwawa apangitsa kakhodi kanu kubwereza kawirikawiri kuposa kale.

Chochita n'chakuti oda iliyonse ikhale ndi nambala yakeyake, monga UUID, yopangidwa ku pulogalamu isanatumizidwe. Pa column imeneyo ikani UNIQUE kuti nambala imodzi isalowe kawiri, ndipo polowetsa muzilemba INSERT ... ON CONFLICT DO NOTHING. Pobwereza gwiritsani ntchito UUID yomweyo, osapanga ina, apo ayi mwangovutika chabe. Muzibwereza transaction yonse (malamulo onse omwe amasungidwa ndi COMMIT imodzi) kuyambira pachiyambi pa connection yatsopano, osati kachidutswa komwe kanalephera. SELECT ya malipoti ija bwerezani mmene mungafunire, siiononga kanthu.

Wofunsa:
Achemwali mwandilasa pamtima penipeni, UUID ndinalibe n'komwe. Nanga ndingayese bwanji zonsezi osadikira kuti netiweki idzaduke yokha?

Woyankha wachinayi:
Osayesa pozimitsa PostgreSQL, chifukwa ikamazima imatsanzika ndipo error imabwera nthawi yomweyo, mudzangodzinamiza kuti zatheka. Pa makina oyesera, yambitsani SELECT pg_sleep(120), query yongodikira masekondi 120, ili mkati muike lamulo la iptables (firewall ya Linux) la DROP pa port 5432 ya PostgreSQL. DROP, osati REJECT yomwe imabweza uthenga wokana. Mapaketi azingosowa mwakachetechete ngati mmene zimachitikira zenizeni.

Wofunsa:
Ndayesa usiku uno. Ndi DROP, OperationalError yabwera patatha pafupifupi mphindi imodzi, pomwe kale ikanangokhala duu. Mizukwa ija ndaichotsa ndipo kakhodi kobwereza ndakatseka kaye. Chatsala n'chakuti UNIQUE ndingaiike pa column yatsopano ya UUID, koma mizere yakale yolowa kawiri ikadali m'tebulomo, ndipo ina ili ndi malipiro olumikizidwa kwa iyo kudzera pa foreign key. Ndichotse uti, woyamba kapena wachiwiri?