Makolo a ku Sweden, filimu ya Bamse ndi yoyenera mwana wa zaka 4?

Makolo anzanga amene muli kuno ku Sweden, ndithandizeniko nzeru. Mwana wanga wa zaka 4 wamukonda Bamse koopsa chiyambireni sukulu ya mkaka. Kwa amene simumudziwa, Bamse ndi chimbalangondo chomwe chimapeza mphamvu zodabwitsa chikadya uchi wapadera wokonzedwa ndi agogo ake aakazi. Anamupeka ndi Rune Andréasson mu 1966, ndipo magazini yake yakhala ikutuluka kuyambira 1973. Mwanayu amakonda kwambiri Skalman, fulu uja amayenda ndi wotchi yomuuza nthawi yodya ndi yogona. Ikangolira, amagona pompo, ngakhale zinthu zitavuta chotani.

Tsopano akundiumiriza kuti aonere filimu ya 2014 ija, Bamse och tjuvstaden. Nkhawa yanga ili apa: m'filimuyi nkhandwe Reinard imasonkhanitsa akuba, agogo a Bamse n'kugwidwa, ndipo ulendo wokawapulumutsa umadutsa m'nkhalango yoopsa. Mwana wangayu sachedwa kulota zoopsa usiku. Amene ana anu anaionera ali ang'onoang'ono chonchi, anachita mantha? Kapena ndiyambe ndi ya 2016, Bamse och häxans dotter? Dzina lokhalo loti mwana wa mfiti likundikayikitsanso.

China, Chiswidishi changa n'chopereweradi, mwanayu wandipitirira kale. Kodi ilipo DVD kapena malo ovomerezeka pa intaneti pomwe filimuyi ili ndi mawu olembedwa m'munsi m'Chingelezi? Ndikufuna ndizitha kumuyankha akamandifunsa mafunso, osati kungogwedeza mutu. Ngati wina anaibwerekapo ku laibulale, andiuze anachita bwanji.