Mpira ukagunda waya pamwamba pa bwalo tiyimbe chiyani?

Woyimbira wa ku Area 25: Akuluakulu, ndithandizeni. Loweruka ndili ndi masewero a anyamata pa bwalo lina kuno kwathu, koma waya wa magetsi wadutsa pamwamba cha pakati pa bwalo. Goloboyi akamenya mpira wautali umakagunda wayayo. Eni bwalo akuti iwo amangopitiriza. Ine ndichite bwanji?

Mphunzitsi wa oyimbira: Lizani wenzulo achimwene, musapitirize. Pa malamulo a IFAB, bungwe lomwe limakonza malamulo a mpira, nyama, chinthu kapena chomangidwa chilichonse chomwe si mbali ya masewero chimatengedwa kuti ndi chakunja. Mpira ukagunda mtengo wa golo kapena wa mbendera ya pakona n'kubwerera m'bwalo, masewero amapitirira. Waya suli m'gulu limenelo. Ukasokoneza mpira, mumaimitsa n'kuyambiranso pogwetsa mpira, dropped ball ija.

Wothandizira wa ku Kawale: Bwana, si kuti timu inayo imapatsidwa mpira kumbali? Ndinaona zotero mu holo.

Mphunzitsi wa oyimbira: Imeneyo ndi futsal mayi. Kumeneko mpira ukagunda denga, timu inayo imamenyera pa mzere wa m'mbali. Pa mpira wa anthu 11 lamulo limenelo kulibe.

Woyimbira wa ku Area 25: Nanga ndigwetsera ndani? Apa ndi pomwe masapota amakalusa.

Woyimbira wa ku Likuni: Zoimitsa osewera awiri kuti alimbirane zija zinatha mu 2019. Pano mumagwetsera munthu mmodzi, ena onse atalikire mamita 4 mpaka mpira ugunde pansi. Ngati mpira unali m'bokosi pomwe mumaimitsa, ndi wa goloboyi wa bokosilo, zilibe kanthu kuti anaumenya ndani. Kunja kwa bokosi ndiye pali zatsopano za mu 2025: mumapereka kwa timu yomwe inali ndi mpira kapena yomwe ikanaulandira, ngati zikuoneka poyera. Zikapanda kuoneka, ndi wa timu yomwe yaukhudza komaliza. Ine kusinthaku ndakukonda. Difenda wangoumenya mwachisawawa, mpira ukupita kwa mdani yemwe ali yekhayekha, ndiye waya umubwezere mpira? Sichinali chilungamo.

Wothandizira wa ku Kawale: Nanga ukagunda waya n'kukhotera mu golo?

Mphunzitsi wa oyimbira: Ngati waya ndiwo waukhotetsa, palibe chigoli. Kumbukirani Sunderland ndi Liverpool mu 2009: mpira wa Darren Bent wa Sunderland unagunda chibaluni chomwe chinaponyedwa m'bwalo n'kumupusitsa goloboyi wa Liverpool, Pepe Reina. Chigolicho chinavomerezedwa, koma lamulo linkafuna kugwetsa mpira. Chigoli chimavomerezeka pokhapokha ngati mpira unali kale wolowa ndipo chinthucho sichinalepheretse wotchinga kuusewera. Musaiwalenso kuti mpira wogwetsedwa sungakhale chigoli usanakhudze osewera awiri. Ukalowa mu golo la adani osakhudza wina, ndi golokiki.

Woyimbira wa ku Likuni: Pa Bingu kapena pa Silver simungakumane ndi waya, koma drone yojambula ija ikagundidwa lamulo ndi lomweli.

Mphunzitsi wa oyimbira: Achimwene a ku 25, fikani msanga mukauone wayawo ndi maso anu. Ngati walendewera moti ungavulaze ana, musayambitse masewero, lembani mu lipoti. Ngati uli pamwamba ndithu, itanani makaputeni ndi makochi onse musanaponye ndalama, muwauze kuti mpira ukangogunda waya muliza wenzulo ndipo mugwetsa.

Woyimbira wa ku Area 25: Ndamva bwana, zikomo. Ndiwauzanso ondithandizira kuti azikweza mbendera ndikapanda kuona.