Akhoma zikhomo za malasha m'nkhalango yathu: nanga nyama lamulo limaziteteza?

Mdzukulu wa ku Zóbuè:
Moni nonse. Kwathu ndi kumunsi kwa Zóbuè, mbali yolowera ku Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Mwezi watha anyamata a kampani ina anadzakhoma zikhomo zopaka penti yofiira kuyambira kudambo mpaka m'tsinde mwa phiri, ati akufufuza malasha. Amfumu anangouzidwa kuti "tidzabweranso tidzakambe."

Za minda tidzalimbana nazo. Chikundisowetsa tulo ndi nkhalango. Muli agwape, nguluwe, nkhanga, ndipo chaka chatha abusa a ng'ombe anaonamo ngaka. Manda a makolo ali momwemo, dambwe lilinso momwemo. Munthu akapezeka ndi ngaka mmodzi amakagwira ndende zaka zambirimbiri. Nanga kampani ikagumula nkhalango yonse imene ngakayo amakhalamo, lamulo limati chiyani?

Mphunzitsi wa ku Ulónguè:
Achimwene, yankho lake silokoma kwenikweni. Lamulo la 16/2014, lomwe analikhwimitsa mu 2017, limaletsa kukumba migodi m'mapaki osungira nyama amene boma linawalemba, monga paki ya Mágoè yomwe inakhazikitsidwa mu 2013 kumwera kwa nyanja ya Cahora Bassa. Nkhalango yanu sinalembedwe. Pamaso pa boma ndi tchire wamba, ngakhale mutakhala ngaka khumi.

Komabe muli ndi pogwira. Dziko lonse la Mozambique ndi la boma, inde, koma lamulo la malo la 19/97 limati mudzi umene wakhala pamalo motsata mwambo uli ndi DUAT kale, ndiye kuti ufulu wogwiritsa ntchito malowo, ngakhale opanda pepala, ndipo umboni wapakamwa wa akuluakulu umavomerezeka. DUAT imeneyo sithera pamunda ayi. Imafika kudambo, kumsipu, kumanda, kunkhalango kotola nkhuni ndi bowa. Apa ndi pamene ambiri amataya. Pa consulta, msonkhano womva maganizo a mudzi, anthu amawerenga nyumba, mitengo ya mango ndi nkhokwe, chifukwa ndizo zili ndi chipukuta misozi, nkhalango nkuiwalika. Chosalembedwa mu acta, chikalata cha zimene zakambidwa pamsonkhanowo, mawa adzati kunalibe.

Kachiwiri, mgodi waukulu sungatseguke popanda kafukufuku wa zachilengedwe, malinga ndi Decreto 54/2015, ndipo amayenera kuitana anthu kumsonkhano. Akatswiri awo amabwera masiku ochepa, mwina m'chilimwe, saona kanthu, nkulemba kuti nyama kulibe. Apatseni alenje akale awalondolere mapazi, mauna ndi pomwera madzi. Jambulani ndi foni. Wina alembe tsiku.

Nachisale wa ku Moatize:
Aphunzitsi, malamulo mwawatchula bwino, koma ife a kuno tinaona ndi maso. Pakati pa 2009 ndi 2010 mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa kupita ku Cateme ndi ku 25 de Setembro kuti mgodi wa Moatize utseguke. Lamulo la malo linalipo kale nthawi imeneyo. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anachita kukhala panjanji kuti sitima ya malasha isadutse, ndipo lamulo la kasamutsidwe ka anthu, Decreto 31/2012, linatuluka chaka chomwecho, anthu atalira kale. Ngati zinatero ndi anthu okhala ndi pakamwa, gwape ndani?

Ndiponso eni migodi amasinthana. Kampani ya Vale inagulitsa mgodi wa Moatize kwa Vulcan mu 2022, mgodi wa Benga unachoka m'manja mwa kampani ya Rio Tinto kupita kwa ICVL mu 2014. Amene walonjeza lero si amene mudzam'peze pa ofesi zaka zisanu zikubwerazi. Ndiye inu bambo, musalandire lonjezo lapakamwa, ngakhale atabwera ndi mbuzi ndi zakumwa. Acta musainire mutaiwerengera pagulu m'Chichewa, ndipo kope limodzi litsale m'mudzi, osati kwa amfumu okha. Amayi akhalepo. Ndife timadziwa kumene kuli chitsime chosaphwa.

Mdzukulu wa ku Zóbuè:
Zikomo mayi. Koma aphunzitsi, palibe njira yoti nkhalangoyo ilembedwe zisanafike patali?

Mlenje wopuma, Mágoè:
Ndiyankheko ine, mwana wanga. Njira ilipo, koma ndi yaitali. Choyamba pemphani kuboma la distrito kuti malire a mudzi wanu ayezedwe, chimene amati delimitação, mulandire certidão, chikalata chosonyeza kuti nkhalango ndi dambo zili mkati. Lamulo lomwe lija la 16/2014 limalolanso mudzi kupempha kuti malo ake akhale osungirako zachilengedwe oyang'aniridwa ndi anthu eni ake. Kuno tinayamba kalekale ndi Tchuma Tchato, ntchito yoti midzi isunge nyama zakutchire nkupindula nazo, ku Bawa, m'zaka za m'ma 1990, ndipo lamulo limati 20% ya ndalama zimene boma limatolera pa nyama ndi mitengo ibwerere kumudzi. Kubwera kwake nkochedwa, nthawi zina mpaka kuiwala, koma njovu zikanakhala zopanda mwini bwenzi zitatha.

Ndikuchenjezeni chimodzi. Mukanena kuti tikusunga nkhalango, musunge zoona. Ngati anyamata anu akutchera misampha ya waya ndi kuotcha makala momwemo, kampani idzajambula zimenezo nkunena kuti nkhalangoyi inatha kale, ife tikungomaliza. Ndipo certidão siimitsa mgodi boma likatsimikiza kuti malasha akumbidwe. Chimene imachita nkuwakakamiza kukhala nanu pansi, ndipo pamenepo mutha kulimbikira kuti dzenje ndi msewu wa malole zilambalale dambo ndi manda.

Mphunzitsi wa ku Ulónguè:
Agogo anena zoona. Onjezani ichi: chiphaso chofufuzira si chiphaso chokumbira, nthawi ikadalipo. Pitani ku ofesi ya distrito mukafunse nambala ya chiphaso cha kampaniyo ndi malire ake. Mukaipeza ilembeni pano, tiione pa mapu a pa intaneti a cadastro mineiro, kaundula wa boma wa ziphaso za migodi, ngati nkhalango yonse yalowa kapena mbali chabe.